SAN ya pakhomo: disiki ya 7 yalowa, magetsi anathima ntchito ili mkati

Sabata ino SAN yanga, seva ya madisiki yomwe imasungira makompyuta ena data kudzera pa netiweki, yakula pang'ono: ndawonjezera disiki imodzi. Pool, gulu la madisiki onse pamodzi, inali itadzaza kufika pa 78%, ndipo ndi ZFS, pulogalamu yoyendetsa madisikiwo, makamaka ukamagawa ma zvol (zigawo za pool zooneka ngati disiki) pa iSCSI (njira yozigawira pa netiweki), ukangodutsa 80% zonse zimayamba kulemera, ma VM (makompyuta ongoyerekezera oyenda mkati mwa kompyuta yeniyeni) kutsegula mochedwa, ndiye ndinati basi isafike kumeneko.

Kwa amene mwangoyamba kutsatira, seva yake ndi Dell R720 yakale ya malo 8 a madisiki, ndinagula kwa anthu ena omwe ankatseka ofesi ku City Centre, ikuyendetsa TrueNAS, pulogalamu ya maseva osungira data. Madisiki anali 6 a 4TB mu RAIDZ2, kutanthauza kuti awiri atha kufa koma data osatayika. Makompyuta awiri a Proxmox, pulogalamu yoyendetsa ma VM, amatenga ma LUN (ma zvol aja mmene amaonekera pa netiweki) pa port 3260, netiweki yake ndi yapayokha, siyikumana n'komwe ndi Wi-Fi ya ana. Maswichi ndi MikroTik CRS305 awiri, aja ang'onoang'ono a ma port 4 a SFP+ opanda fani, olumikizidwa ndi makebulo otchedwa DAC.

Kale kuwonjezera disiki imodzi pa RAIDZ sikunkatheka, umayenera kugula vdev ina yathunthu, ndiye kuti gulu lina lonse, madisiki enanso 6, ndipo mmene dola ikuvutiramu ine sindikanakwanitsa. RAIDZ expansion, njira yowonjezera disiki imodzi yokha, inatuluka mu OpenZFS 2.3 kumayambiriro kwa 2025, pa TrueNAS ilipo kuyambira 24.10. Disiki yatsopanoyo anabwera nayo achimwene ena ochokera ku Joni, ndinawauziratu kuti ikhale ya mtundu wa CMR osati SMR, chifukwa SMR ikamalemba kwa nthawi yaitali imafooka kwambiri ndipo resilver yake, kubwezeretsa data pa disiki yolowa m'malo mwa yakufa, simungaipirire. Isanalowe mu pool ndinayamba ndaipanga SMART long test yoona ngati ili bwino, inadutsa bwinobwino, reallocated sectors 0.

Chimodzi chomwe anthu ambiri chimawadabwitsa: ukamaliza expansion malo omwe amaoneka amakhala ochepa kuposa mmene unawerengera. Data yakale imakhalabe ndi kagawidwe kakale, zigawo 4 za data ndi 2 za parity (zobwezeretsera data disiki ikafa), pomwe yatsopano yokha ndiyo imalembedwa 5 ndi 2. Kuti upindule zonse uyenera kuilembanso data yakaleyo. Ine ndizichita pang'onopang'ono posamutsa ma VM, palibe chothamangira. Expansion itatha kunatsala kukuza zvol, ndipo kuti Proxmox ione malo atsopanowo ndinayendetsa iscsiadm -m session --rescan, multipathd resize map, pvresize, zinayenda popanda kuzimitsa VM ngakhale imodzi.

Koma zomwe ndikufuna kunena kwenikweni ndi za magetsi. Expansion ili pakati, madisiki onse 7 akugwira ntchito mwamphamvu, magetsi anathima madzulo ngati mmene zimakhalira kuno ku Area 25. UPS inagwira, ndipo NUT, pulogalamu yoyang'anira UPS, inachita zomwe ndinaiuza: batire ikatsika kufika pa theka, Proxmox iyambe kuzimitsa ma VM, makompyuta awiri aja azime, TrueNAS izime pomaliza penipeni. Dongosolo limeneli abale musalipeputse. SAN ikazima ma VM akadali moyo, kwa iwo zimakhala ngati wina wazula disiki kompyuta ikulemba, ndipo database sikhululuka zimenezo. Poyatsanso n'chimodzimodzi mobwerera, maswichi kaye, kenako seva ya madisiki, Proxmox idikire mpaka ma LUN aoneke. Magetsi atabwera usiku, zpool status inaonetsa kuti expansion yapitiriza pomwe inasiyira, mtima unakhala m'malo.

Ndimaona anzanga akusunga ndalama za ma SSD ndi makadi a netiweki a 25G pomwe seva yawo yangolumikizidwa pa soketi ya khoma, ine zimandiwawa zoona. Kuno kwathu UPS ndi batire yabwino zibwere kaye, liwiro pambuyo. N'chifukwa chake ma zvol anga onse ali pa sync=always, kutanthauza kuti data iyambe yalembedwadi pa disiki VM isanauzidwe kuti zatheka, ndipo SLOG, disiki yomwe imayamba kulandira zolembazo, ndi Intel S3700 yakale, ija ili ndi ma capacitor omalizitsa kulemba magetsi akathima mwadzidzidzi. Zimachepetsako liwiro inde, koma ndimagona tulo.

Fumbi nalo lavuta. Okutobala wa ku Lilongwe mukumudziwa, kutentha kwake, msewu wathu wa dothi galimoto ikangodutsa fumbi lonse m'nyumba. Nthawi ya expansion madisiki apakati anafika 46°C. Itatha ndinazimitsa seva, kuitulutsa pakhonde, kuipemerera ndi blower, fumbi lofiira lomwe linatuluka mu ma fani ndi pa heatsink linandida malaya onse. Pano ali pa 38°C. Ndaisunthanso kuichotsa pansi, ili pa shelefu ya chitsulo kutali ndi windo, ndipo mayi a kunyumba akondwa chifukwa ma fani sakulira kwambiri ngati kale. Imadya pafupifupi 180W, ndiye mayunitsi ngati 130 pa mwezi pa mita ya prepaid, imeneyo ndiye nkhani yomwe timakambirana kumapeto kwa mwezi uliwonse.

Multipath, njira ziwiri zofikira ku SAN kuti imodzi ikaduka ina igwire, ndinaiyesanso pokopera fayilo yaikulu kenako kuzula DAC imodzi. multipath -ll inaonetsa njira imodzi failed, inayo active, kukopera kunangoima timasekondi n'kupitiriza. Scrub, yofufuza data yonse ngati ili bwino, yayenda, palibe error.

Malo 8 onse adzadza tsopano, 7 a pool ndi 1 ya SLOG, ndiye kukula kwina kudzafuna disk shelf (bokosi lina la madisiki) kapena kusintha madisiki imodzi imodzi kupita ku 8TB. Koma choyamba ndi bakapu ya kunja kwa nyumba, chifukwa RAIDZ2 siteteza ku mbava kapena mphenzi ndipo mvula ili pafupi. Ndikuganiza zoika kakompyuta kakang'ono kwa alongo anga ku Area 49, kazilandira ma snapshot (makope a data mmene ilili pa nthawiyo) usiku kudzera zfs send. Amene munayesapo zimenezi pa bando ya intaneti ya pa mwezi, ndiuzeniko imadya ma GB angati.