Mkanda umene anaudula pakati

Ku Ahmedabad, mzinda wa m'chigawo cha Gujarat ku India, sindinapitire zoona malo. Ndinaperekeza achemwali anga kuchipatala, ndipo masabata atatu oyamba ndinkangodziwa msewu umodzi, wochoka kogona kupita kuwodi. Atayamba kupezako bwino, anandithamangitsa okha. "Achimwene, nkhope yanu yamaliroyo yandikwana. Tapitani mukapitidweko mphepo."

Ndiye ndinachita hayala galimoto kupita ku Lothal, mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera mumzindawo. Dziko lake ndi lathyathyathya ngati ku Nchalo, minda ya thonje mbali zonse, dzuwa loswa mtengo.

Ukangofika ku Lothal umayamba wagwa ulesi. Palibe nyumba yachifumu, palibe chipilala choti ujambulitsepo. Ndi bwinja la njerwa basi. Koma njerwazo zapitirira zaka 4,000, ndipo zinaumbidwa m'chikombole cha muyezo umodzi: m'lifupi kuwirikiza kawiri kuchindikala kwake, m'litali kanayi. Muyezo womwewo umapezeka m'mabwinja a ku Harappa ndi Mohenjo-daro, mizinda ya anthu akale a m'chigwa cha mtsinje wa Indus, mazana a makilomita kutali. Mabafa a m'nyumba anali ndi ngalande za njerwa zootcha zotaya madzi oipa kunja kwa mudzi. Ndinaima pamenepo n'kukumbuka mmene mu Limbe mumakhalira mvula ikagwa ola limodzi, ndinangopukusa mutu.

Chimene anthu amadzera kwenikweni ndi dziwe lalikulu la njerwa, mamita pafupifupi 214 m'litali ndi 36 m'lifupi. S. R. Rao, katswiri wa zamakedzana wa ku India amene anafukula malowa kuyambira 1955, ankati linali doko lokochezapo ngalawa zamalonda. Akatswiri ena amati linali losungira madzi chabe. Nyanja lero ili kutali, m'dziwemo mumangotera mbalame, komabe ine ndinapendekera kwa Rao, chifukwa pomwepo anapezapo chidindo chochokera kumaiko a ku nyanja ya Persian Gulf ndi nyumba yosungira katundu.

Adalaivala anga, bambo wa imvi zake, anandilondola ponseponse ngakhale sindinawapemphe. Anagogoda njerwa ndi phazi n'kunena kuti, "Izi ndi zathu. Azungu akugona m'mapanga, ife tinali ndi mabafa." Ndinawafunsa za Mohenjo-daro, poti mzinda wa anthu akalewo umene dziko limaudziwa kwambiri uli ku Sindh, m'dziko la Pakistan. Anaseka. "Nthawi imeneyo Pakistan kunalibe." Sananame. Koma boma la India limene chidindo chake chili m'pasipoti yanga nalonso kunalibe. Izi sindinanene, galimoto inali yawo ndipo Ahmedabad anali kutali.

Mkangano wa India ndi Pakistan pa mabwinjawa ndi wa chuma cha masiye. Mizinda imeneyi inali pachimake pakati pa zaka 2600 ndi 1900 Yesu asanabadwe, kenako inaiwalika. Daya Ram Sahni anayamba kufukula Harappa mu 1921, R. D. Banerji anafukula Mohenjo-daro mu 1922, ndipo John Marshall, Mngerezi amene ankatsogolera zofukulazi, analengeza kudziko mu 1924. Panthawiyo lonselo linali dziko limodzi pansi pa Angerezi. Malire a India ndi Pakistan atadulidwa mu 1947, mizinda iwiri ija inagwera ku Pakistan, India n'kutsala chimanjamanja. Akatswiri ake anayamba kusakasaka mbali yawo, ndipo Lothal anapezeka mu 1954 pa kusaka komweko. Pambuyo pake panabwera Dholavira ku Kutch ndi Rakhigarhi ku Haryana. Lero Mohenjo-daro ali pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse kuyambira 1980, Dholavira kuyambira 2021. Aliyense ali ndi chake cholozapo chala.

Zimene zinandiwawa ndi mmene anagawanira katundu wofukulidwayo. Kachifanizo kamkuwa ka mtsikana amene amamutcha wovina, kosakwana masentimita 11, kanatsalira ku Delhi. Chifanizo chamwala cha mwamuna wandevu chili ku Karachi. Mpaka apo palibe chodabwitsa. Koma panali mikanda ya ku Mohenjo-daro, ina yagolide, ina ya mwala wofiira, imene mbali zonse zinaikakamira. Akuluakulu ophunzira bwino anadula chingwe, n'kuwerengetsana timikanda, theka uku theka uko. Mkanda umene unakhala wathunthu m'dothi zaka masauzande unaduka patebulo la mu ofesi. Kwathu kuno abale akamakangana pa ndowa ya malemu timawanena, koma sindinamvepo kuti aidula pakati.

Mbali inayo ndinaimva nditabwerera kumudzi. Mnzanga wina wa ku Pakistan, wogulitsa magalimoto mu Blantyre, nditamuonetsa zithunzi anatulutsa ndalama yapepala ya 20 rupee m'chikwama chake, n'kundionetsa kumbuyo kwake. Pali Mohenjo-daro. "Mtsinje wa Indus ukuyenda kwathu," anatero. "Ngakhale dzina loti India analitenga pa mtsinje umenewo." Nayenso sananame. Koma nditamufunsa ngati anapitako, anati ayi, ndipo anavomera kuti kusukulu mbiri imene ankaitsindika kwambiri ndi yoyambira pa kufika kwa Chisilamu. Mbali ya India nako ena amalimbikira dzina loti Sindhu-Saraswati, lophatikiza Indus ndi mtsinje wa m'malemba a Chihindu, kuti anthu akalewo aoneke ngati makolo a chipembedzo cha Chihindu basi.

Chonsecho eni akewo sanafunsidwe. Anasiya zolemba pa tizidindo tamwala masauzande, koma mpaka lero palibe amene waziwerenga. Mu Januwale 2025 nduna yaikulu ya chigawo cha Tamil Nadu kumwera kwa India, M. K. Stalin, inalonjeza madola 1 miliyoni kwa amene adzamasulire zolembazo. Kumwera kwa India kuli ambiri amene amakhulupirira kuti chinenerocho chinali pachibale ndi Chitamil. Wachitatu wofuna gawo pa masiyewo ndi ameneyo.

Ine ngati Mchewa nkhaniyi siyachilendo kwenikweni. Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika m'boma la Katete, ku Zambia, ndipo pa Kulamba timakumanako ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Atati abwere wina n'kunena kuti Gule Wamkulu ndi wa dziko limodzi mwa atatuwa, tingamuyese wamisala. Ndiye kuona kwanga n'kwakuti onse awiri ali ndi gawo, kupatula pamene wina akufuna kutsekera mnzake kunja. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timawoloka pa Mwami ndi chikalata chapamalire, pomwe adalaivala anga aja mwina adzafa asanaone Mohenjo-daro. Sindikudziwa ngati amadziwa kuti maina awiriwa, Lothal m'Chigujarati ndi Mohenjo-daro m'Chisindhi, onse amawamasulira kuti chitunda cha akufa.

Ku Lothal kunali nyumba yopangira mikanda, ndipo uvuni umene ankaotcheramo mwala kuti ufiire ulipobe. Ku Khambhat, tawuni ya m'mbali mwa nyanja m'chigawo chomwecho, amisiri akadali kuboola mwala womwewo mpaka lero. Pobwerera ku Ahmedabad ndinagula mkanda umodzi wofiira pamsika, wogulitsayo atandilumbirira kuti wachokera ku Khambhat. Ndinakaupereka kuwodi, n'kuyamba kufotokoza za madoko ndi malire. Achemwali anauvala, anadziyang'ana pa galasi la foni, n'kundidula mawu.

"Achimwene, zonsezo ndamva. Koma mwagula zingati? Sanakubereni?"