Thabwa silitalika, limangonenepa

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Chiyambireni kuphunzira ukalipentala ndakhala ndikumva amisiri akunena kuti thabwa limayenda, ine n'kumagwedeza mutu ngati anzanga onse, koma kuti kuyendako kukukhudza bwanji kabokosi ka mphatso kamene kali pa benchi panga, sindinkakuona. Za kupala, kuyika sikweya ndi kunola tchizulo sindinenapo, inu amene tili limodzi mu ntchitoyi mukuzidziwa kale. Ndikufuna ndinene chinthu chimodzi chokha chimene chanditsegula mutu.

Thabwa likamwa chinyezi limatupa m'mimba mwake, likauma limabwerera, koma m'litali silisintha. Likasintha ndiye kuti ndi pang'ono zedi moti tepi yanu singakuuzeni. Ganizani za mtolo wa bango wonyowa ndi mvula: umanenepa mpaka luzi kumangika, koma bango lililonse kutalika kwake n'komweko. Mitsempha ya thabwa ndi yotero. Ndiye pamene mwatenga kathabwa ka chivindikiro n'kukamata ndi guluu mbali zonse zinayi, mbali ziwiri mwalumikiza m'litali ndi m'litali, palibe vuto. Mbali ziwiri zinazo mwalumikiza mimba imene imayenda ndi litali limene siliyenda. Apo mwayambitsa nkhondo, ndipo nkhondoyo imadikira nyengo kuti isinthe basi. Bokosi mwapanga mu February mvula ikugwa, pofika October chivindikiro chang'aluka pakati chifukwa chimafuna kuchepa koma guluu wachigwira. Mwapanga mu October, pofika January chatupa n'kukankha makona mpaka kuyasama.

Chimene chinandiseketsa n'chakuti tonse tinakulira m'nyumba zimene chitseko chimavuta kutseka m'dzinja, n'kumalowa bwinobwino m'chilimwe. Chimakakamira m'mbali, osati pamwamba penipeni. Umboni unali pakhomo zaka zonsezi.

Nditayamba kuwerengetsa ndi pamene ndinakhulupirira. Mpweya ukakhala ndi chinyezi cha 40 peresenti, thabwa limakhazikika pa chinyezi cha pafupifupi 8 peresenti. Mpweya ukafika pa 80 peresenti, thabwa limakwera mpaka cha m'ma 16. Paini wochekedwa mwa masiku onse amasintha m'mimba pafupifupi kota ya peresenti imodzi pa sitepe iliyonse ya chinyezi cha m'thabwa, kutanthauza peresenti imodzi. Ndiye chivindikiro cha masentimita 20, chinyezi chikasuntha ndi masitepe 6 okha, chayenda kale pafupifupi mamilimita 3. Mamilimita 3 pa denga la khola si nkhani. Pa kabokosi kamene mayi akufuna kusungiramo mphete, ndolo ndi kalata ya ubatizo wa mwana wawo, ndi mng'alu umene aliyense auona asanaone n'komwe vanishi amene munavutika naye.

Mankhwala ake ndi ophweka mpaka kupsetsa mtima. Dulani kangalande mkati mwa mbali zinayi za bokosi, kathabwa ka pamwamba ndi ka pansi kalowe mmenemo popanda guluu, ndipo m'mbali musiye mpata woti kapumire. Ngati mukuopa kuti kazigwedera, ikani kadontho kamodzi ka guluu pakatikati pa nsonga iliyonse ya kathabwako, kuti kakamatupa kazipita uku ndi uku mofanana. Basi. Thabwa likuyendabe, koma tsopano likuyenda m'njira imene mwalikonzera. Mpatawo umatengeranso mwezi umene mukupanga. Mu October, thabwa litauma gwa, siyani mpata wokwanira chifukwa lili ndi kotupira. Pakati pa mvula mukhoza kulowetsa mothina pang'ono chifukwa kumene likupita n'kochepa.

Kuchokera pamenepo zinthu zina zinayamba kudzimasula zokha. Tsopano ndikafika pogula matabwa sindiyamba kuyang'ana pamimba, ndimayang'ana kunsonga. Pa paini mizere ya zaka imaoneka bwino. Ikakhala yokhota ngati uta, thabwalo limayenda pafupifupi kawiri kuposa limene mizere yake yaima chilili, ndipo likamauma limapindika chifukwa mizere ija imafuna kuwongoka. La mizere yoimirira ndi limene ndimasungira chivindikiro. Anyamata ogulitsa amandiona ngati wovuta ndikamatembenuza mulu wonse, koma paini wambiri wochokera ku Chikangawa amafika pa msika asanaume, ndiye ukagula ndi maso okha umalira wekha. Ndimadula kachidutswa, n'kumakayeza pa sikelo ya shuga masiku angapo. Kulemera kukasiya kutsika, thabwa lagwirizana ndi mpweya wa m'chipindamo, ndingayambe ntchito. Ndamvetsanso chifukwa chake amisiri akale ankaukonda mlombwa pa zinthu zofuna kulowana bwino: kuwonjezera pa maonekedwe ake, ndi umodzi mwa mitengo imene imayenda pang'ono kwambiri. Masiku ano mlombwa ndi m'bawa zikusowa ndipo mitengo yake ndi yoboola m'thumba, ndiye timangotola zidutswa zotsala kapena kuphwasula chitseko chakale. Pa kabokosi zimenezo zimakwana, ndipo thabwa lakale linauma kalekale. Vanishi nayenso ndasiya kumudalira ngati khoma. Amachedwetsa chinyezi, sachiletsa, ndipo mukapaka kunja kokha mkati n'kusiya, mbali imodzi imamwa msanga kuposa inzake, chivindikiro n'kukhota.

Tsopano njira imene ndagwa nayo m'chikondi, ndipo amene akufuna kukangana nane abwere. Bokosi lizimangidwa lotseka, ngati njerwa, mbali zinayi ndi pamwamba ndi pansi zonse pamodzi, kenako chivindikiro n'kuchicheka pambuyo guluu atauma. Chivindikiro chochekedwa pa thupi lomwelo sichingakane kukhala, chifukwa ngakhale bokosi litapotoka pang'ono, chapotoka nalo limodzi. Mbali zinayi ndimazidula pa thabwa limodzi motsatizana, makona a madigiri 45, kuti mizere izungulire bokosi osaduka, kupatula pa kona yomaliza imene ndimaibisa kumbuyo kuli mahinjesi. Ndimaziyala pa benchi, kuzigwira ndi tepi yomata kunja, kupaka guluu, n'kupinda. Kona yotere payokha ndi yofooka chifukwa nsonga ya thabwa imamwa guluu, ndiye ndimacheka timipata topingasa pa kona n'kulowetsamo timakiyi ta thabwa la mtundu wina. Paini woyera ndi timakiyi ta mlombwa, anzanga, munthu amaiwala kuti ndi paini. Anzanga ena amati mmisiri weniweni amaoneka pa dovetail, kulumikiza makona ndi mano olowana ooneka ngati mchira wa nkhunda. Ine ndimati dovetail pa kabokosi kosungiramo mikanda ndi kudzionetsera chabe, kabokosi kameneko sikadzanyamula chimanga. Ndikudziwa kuti sowo ikakhota pocheka chivindikiro ntchito ya sabata yonse yapita, komanso kuti uyenera kuwonjezera kutalika kwa mbali polipira zimene sowo idye. Komabe sindikuona chifukwa chopangira bokosi mwa njira ina.

Chimene chimandiwawa ndi nthawi imene yapita. Kumene ndikuphunzira, za kuuma kwa matabwa tinalemba m'makope, matebulo ndi mayina a Chingerezi, n'kulemba mayeso, n'kukhoza. Palibe amene anatenga kachidutswa n'kukaviika m'ndowa usiku umodzi kuti m'mawa tiyeze m'litali ndi m'mimba tokha. Phunziro lonse likanathera pamenepo. Ukafunsa aphunzitsi kuti n'chifukwa chiyani kathabwa ka pansi sitikamata, yankho limakhala lakuti "ndi mmene timapangira, iwe panga." Sindikuwanyoza, manja awo amadziwa zinthu zimene ine ndidzazidziwe nditamera imvi, koma nzeru yokhala m'manja mokha imavuta kuipatsa mnzako. Amisiri a m'mbali mwa msewu nawonso ali ndi yankho lawo: khoma pulayiwudi ndi misomali, wogula sadziwa. N'zoona kuti pulayiwudi sayenda kwenikweni, popeza timapepala take tinamatidwa mopingasana, ndipo pansi pa bokosi amagwira ntchito. Koma mphatso ya pa chinkhoswe yokhala ndi chivindikiro cha pulayiwudi, ayi, mtima wanga umakana. Kuwonjezera apo makina ndi ochepa, ophunzira ndife ambiri, magetsi akabwera aliyense akuthamangira sowo imodzi, ndiye tingalande tambiri ndadula ndi tchizulo pamanja, dzuwa likulowa.

Pali nkhani ina imene ikundizunguza. Aliyense akamva za kabokosi ka mphatso amafunsa ngati ndi ka mkungudza, chifukwa anazolowera timabokosi tonunkhira timene timagulitsidwa kwa alendo ku Mulanje ndi m'misika ya ziboliboli. Fungo lake lilibe mnzake, ndipo chiswe sichiuyandikira. Koma mkungudza, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, kwawo ndi pa phiri la Mulanje pokha, ndipo mitengo ikuluikulu yatsala pang'ono kutheratu. Wina akakubweretsera kachidutswa n'kunena kuti kachokera pa denga la nyumba yakale, ungamukhulupirire bwanji? Pakali pano ndikukana, ngakhale zikunditayitsa makasitomala, koma sindinganame kuti fungo lija silindikopa.

Ndipo pa nkhani ya kuyenda kwa thabwa, pena ndimadzifunsa ngati sindikukokomeza. Pa kabokosi kakang'ono ka masentimita 8, ka mlombwa wouma bwino, kuyendako n'kochepa moti mwina guluu angapirire, ndipo kunyumba kwa agogo kuli bokosi lokhomedwa ndi misomali limene lakhala zaka zambiri osang'aluka. Mwina misomali imalola thabwa kusuntha pang'ono, mwina mmisiriyo anasankha thabwa labwino mwamwayi. Timabokosi timene ndapanga mwa njira yatsopanoyi sitinadutsebe dzinja ndi chilimwe zonse ziwiri. Kamodzi kapita kwa azakhali ku Nkhata Bay kumene chinyezi sichichoka, kena kwa mlongo wanga ku Nsanje kotentha. Ngati mpata umene ndinasiya ukwanire konseko, ndilibe nazo mawu pakali pano.