Lipoti la ulendo wa amisiri a magetsi a ku Ntcheu wokacheza ndi anzathu a ku Dedza

Ndalemba lipoti ili chifukwa cha anzathu a m'gulu lathu la amisiri a magetsi a pa boma la Ntcheu amene sanathe kupita nawo ku Dedza, komanso chifukwa cha eni zigayo ndi eni malo owotcherera zitsulo amene amatiitana pafupipafupi koma sadziwa chimene timachedwera tisanayambe kugwira waya. Tinapita anthu 14, mwa ife amayi atatu ndi anyamata anayi amene akadali kuphunzira ntchito, ndipo cholinga chathu chinali kukaona mmene anzathuwo amadzitetezera pamene akugwira ntchito pa zipangizo zimene muli moto wa magetsi kapena pafupi nazo.

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa, m'mwezi wa June, pa minibasi imene tinasonkherana ndalama. Tinatsata msewu wa M1 kudzera pa Biriwiri ndi pa Lizulu, dziko la Mozambique lili kumanzere kwathu, ndipo titadutsa mphambano ya ku Bembeke chifunga chinali chitatsika moti zala zinkachita kuuma ndi chisanu. Anzathu anatilandira pamalo ena ochekera matabwa amene alinso ndi chigayo kumbuyo kwake, kumene makina onse amayendera magetsi a mafezi atatu, kutanthauza mawaya atatu a moto.

Amene anatitsogolera tsiku lonse anali bambo wachikulire, mmisiri amene wagwira ntchito imeneyi kuyambira ena a ife tisanabadwe. Titangomaliza malonje, iwo anatifunsa kuti: "Ana anga, ndani mwa inu amene sanagwirepo waya chifukwa chakuti magetsi anali atazima m'dera lonse?" Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakweza mkono. Pamenepo anatiuza kuti nkhani yonse ya tsikulo yagona pa mawu awiri amene timawasakaniza, kuzima ndi kuzimitsa. Magetsi akazima okha, amene angawabwezere ndi munthu wina amene ali kutali, sakukuonani ndipo sakudziwa kuti dzanja lanu lili m'bokosi la mawaya. Mukawazimitsa nokha, n'kukhoma ndi loko, n'kuika kiyi m'thumba mwanu, palibe amene angawabwezere kufikira inuyo mutafuna. Anatikumbutsa za mwezi wa January chaka cha 2022, pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. M'miyezi imeneyo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo amisiri ambiri tinazolowera kukonzera ntchito zathu pa ndandanda wa kuzima kwa magetsi, ngati kuti ndandandawo ndi lonjezo losasweka, chonsecho magetsi amatha kubwera nthawi yake isanakwane.

Mawu amenewa anandilasa chifukwa zimenezi zinandichitikira ineyo m'chaka chomwecho. Ndinaitanidwa ku chigayo china kuti ndikasinthe sitata ya mota, ndipo popeza magetsi anali atazima kuyambira m'bandakucha, sindinavutike n'kupita kuswichi yaikulu. Ndili mkati momanga mawaya ndinamva wailesi ikulira m'sitolo yoyandikana nayo, ndipo ndinachotsa manja msangamsanga nditazindikira kuti moto wafika kale pamawaya amene ndinali nditangowasiya. Ndinapulumuka chifukwa panthawiyo ndinali nditagwira chigwiriro cha sikuludiraiva basi. Nkhaniyi ndinali ndisanauzepo aliyense wa m'gulu lathu chifukwa cha manyazi, koma tsiku limenelo ndinaifotokoza pamaso pa onse, ndipo anzanga atatu anafotokozanso zawo zofanana nayo.

Kenaka anatitengera kuchipinda chimene kuli bokosi lalikulu logawa magetsi. Pakhoma pali thabwa lokhala ndi misomali, ndipo pamsomali uliwonse papachikidwa loko ndi kachikwangwani kolembedwa dzina la mmisiri. Lamulo lawo n'lakuti munthu aliyense amene akukagwira makina amakhoma swichi ndi loko wakewake, moti akakhala atatu pa ntchito imodzi, pamakhalanso maloko atatu pa kachitsulo kamene kali ndi mabowo angapo, ndipo swichiyo singayatsidwe kufikira womaliza atachotsa wake. Mnyamata wathu wina anafunsa ngati sikokwanira kungouza woyendetsa makina kuti asayatse. Bambo aja anayankha kuti wouzidwayo akhoza kupita kukadya, n'kubwera wina amene sanamve kalikonse, ndipo macheka oterowo akangozungulira kamodzi munthu sakhalanso ndi dzanja, ngakhale magetsi asanamugwire n'komwe.

Pamene tinakhalitsa kwambiri ndi pa nkhani ya kuyeza. Ambirife timayenda ndi tesita ya sikuludiraiva ija imene imayaka kagetsi kofiira, ndipo timaikhulupirira ngati diso lathu. Anzathu a ku Dedza anatiwonetsa kuti kagetsi kameneka sikaoneka bwino padzuwa, kuti nthawi zina sikayaka ngati munthu waima pamakwerero athabwa ouma, komanso kuti moto umayenera kudutsa m'thupi mwa munthu kuti kayake, zimene n'zoopsa ngati tesitayo yalowa madzi kapena yawonongeka mkati. Iwo amagwiritsa ntchito choyezera cha nsonga ziwiri, ndipo amachiyesa kaye pamalo amene akudziwa kuti pali moto, kenaka n'kuyeza pamene akufuna kugwira, fezi ndi fezi, fezi iliyonse ndi neutral (waya wobwereramo magetsi), fezi iliyonse ndi earth (waya wopita m'nthaka), ndiponso neutral ndi earth, pomaliza n'kubwereranso pamalo a moto paja kuti atsimikize kuti choyezeracho sichinafere m'njira. Mnzathu wina, amene ndi mmodzi wa akuluakulu a gulu lathu, anatsutsa ponena kuti wagwiritsa ntchito tesita ya sikuludiraiva zaka zambiri osaona vuto. Sanamunyoze, koma anamupatsa waya umene munali moto kunja padzuwa, iye atavala jombo ndipo ataima pathabwa, ndipo kagetsi kaja sikanaoneke kwa aliyense wa ife amene tinamuzungulira.

Anatichenjezanso kuti masiku ano kuzimitsa swichi ya pafupi ndi mita ya ESCOM sikutanthauza kuti m'nyumba mulibe moto. Nyumba ndi masitolo ambiri ali ndi jenereta, invata ndi mabatire, kapena sola padenga, ndipo zina mwa zimenezi zinalumikizidwa popanda swichi yosinthira imene imalekanitsa magetsi a ESCOM ndi a pakhomo. Jenereta yolumikizidwa molakwika imabweza moto m'mawaya a kunja, ndipo motowo ukadutsa m'thiransifoma chobwerera umakwera kuchoka pa mavolti 230 kapena 400 kufika pa 11,000 kapena 33,000, n'kukapeza munthu amene wakwera pa polo akuganiza kuti laini yafa. Makapasita a m'mamota ena ndi a m'mainvata nawonso amasunga moto kwa kanthawi ngakhale makina atazimitsidwa. N'chifukwa chake funso loyamba limene anzathuwa amafunsa mwini malo n'lakuti magetsi amalowa pakhomopo kuchokera kumbali zingati.

Mayi wina wa m'gulu lawo anawonjezera mfundo imene ndinaiona yofunika kwambiri kwa ophunzira athu, yokhudza mitundu ya mawaya. M'nyumba zakale mafezi ndi ofiira, achikasu ndi abuluu, neutral n'kukhala wakuda, pamene m'mawaya ambiri atsopano mafezi ndi abulawuni, akuda ndi otuwa, neutral n'kukhala wabuluu. Choncho waya wakuda kapena wabuluu ukhoza kukhala wa moto m'bokosi limodzi n'kukhala neutral m'bokosi lina la m'nyumba yomweyo, makamaka m'nyumba zimene zinawonjezeredwa zipinda, ndipo munthu woweruza ndi maso okha amagwa m'mbuna mosavuta.

Pa nkhani yogwira ntchito moto uli momwemo, bambo aja sanafune kunyengerera. Ananena kuti chifukwa chomveka chotsegulira bokosi la moto ndi kuyeza pofufuza vuto limene silingapezeke magetsi atazimitsidwa, ndipo kumanga, kumasula kapena kusintha chipangizo kumadikira mpaka moto utachotsedwa. Ngakhale poyezapo, munthu amavula wotchi, mphete ndi tcheni, amaphimba mbali zina zimene zili ndi moto, amaima pouma, amagwiritsa ntchito zida zokutidwa zolembedwa 1000 V, ndipo pambali pake pamaima mnzake wodziwa pamene pali swichi. Anatiwonetsa magolovesi a labala a gulu la 0, oyenera mpaka mavolti 1,000, ndi mmene amawapindira kuchokera kukamwa kwake kuti mpweya udzaze m'zala n'kuulula kabowo kalikonse asanawavale. Magolovesi achikopa ogwirira matabwa kapena a owotcherera zitsulo sanapangidwire kuletsa magetsi. Anatikumbutsa kuti mphamvu imene imapha ndi yochepa kwambiri: pa 10 mA (mamiliampeya, muyeso wa magetsi amene akudutsa) kapena kupitirira pang'ono minofu ya dzanja imafumbata yokha munthu n'kulephera kusiya waya, ndipo kupitirira 30 mA mtima ukhoza kusokonezeka, n'chifukwa chake swichi yoteteza anthu imapangidwa kuti igwe pa 30 mA. Thukuta ndi madzi zimachititsa kuti moto udutse pakhungu mosavuta. Palinso ngozi ina imene timaiiwala, ya chimoto chimene chimabuka sipanala ikagwera pakati pa mafezi awiri: chimasungunula kopa n'kumuwaza kumaso, ndipo zovala za nayiloni zimasungunukira pathupi, pamene za thonje sizitero.

Titadya nkhomaliro ya nsima ndi nyemba ndi mbatatesi ya komweko, mayi uja anatiphunzitsa chochita mnzathu akagwidwa ndi magetsi. Choyamba ndi kuzimitsa, osamugwira ndi manja. Ngati swichi ili kutali ndipo magetsiwo ndi a m'nyumba, mtengo wouma ungathandize kumulekanitsa ndi waya, koma ngati ndi mawaya a pamapolo akuluakulu munthu asayandikire n'komwe, aletse ena kufika, adziwitse a ESCOM. Wogwidwayo akapezeka kuti sakupuma, timamugoneka chagada pamalo olimba, n'kudinikiza pakati pa chifuwa maulendo 30, kumuuzira mpweya kawiri, n'kumabwereza, tikudinikiza mofulumira, pafupifupi maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, uku ena akufunafuna galimoto. Tonse tinayeserera pa thumba la utuchi. Anatsindika kuti ngakhale munthu atadzuka n'kumalankhula bwinobwino apite kuchipatala, chifukwa mtima ukhoza kudzavuta pambuyo pake ndipo zilonda za magetsi zimakhala zazikulu mkati kuposa mmene zikuonekera kunja. Anatsutsanso zimene ena amachita zomukwirira munthu m'dothi kapena kumumwetsa mkaka, ponena kuti zimangotaya nthawi imene ikanamupulumutsa.

Sikuti tinangopita kukalandira. Anzathu ena anaona kuti m'bokosi lina laling'ono la pafupi ndi macheka munali mutadzaza utuchi chifukwa chitseko chake sichitsekeka bwino, ndiponso kuti chozimira moto chimene chinali pafupi ndi bokosilo chinali cha madzi, chimene n'chosayenera pa moto wa magetsi, m'malo mwa cha ufa kapena cha mpweya wa carbon dioxide. Tinawauza mwaulemu, iwo anavomereza osakwiya, ndipo ine ndinawalemekeza kwambiri chifukwa cha zimenezo.

Kukambirana kumene kunatentha ndi kwa makasitomala. Tonse tikudziwa mmene zimakhalira pachigayo pamene amayi ali pamzere ndi matumba awo a chimanga, mwini chigayo n'kumati: "Amisiri, ingokonzani chomwecho, tikazimitsa zonse anthu athawira kwina." Mmisiri wosauka amaopa kuti akakana mawa adzaitana wina. Bambo aja anatikumbutsa kuti lamulo la chaka cha 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito limapereka udindo kwa wolemba anthu ntchito woonetsetsa kuti malo ndi makina ake saika moyo wa antchito pachiswe, ndiponso kuti chiphaso chimene bungwe la MERA, loyang'anira za magetsi ndi mafuta, limapereka kwa oika magetsi chimatanthauza kuti mwini wake adzayankhapo ngati ntchito yake yavulaza munthu. Maganizo anga ndi akuti lamulo lokha silingatithandize ngati mmodzi akukana wina n'kuvomera, ndipo zimenezi ndinazinena poyera.

Pobwerera tinakhotera pa Masasa n'kutsika chitunda chokhotakhota chopita ku Golomoti, kuti anyamata athu akaone malo opangira magetsi a dzuwa amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2022, a mamegawati 20, okhala ndi mabatire akuluakulu osungira mphamvu. Sitinalowe, tinangoima kunja kwa mpanda, ndipo pomwepo mnzathu amene amaika sola anafotokozera ophunzira kuti mapanelo alibe pozimitsira pamene dzuwa likuwala, kuti akalumikizidwa ambiri mondondozana mphamvu yake imafika mavolti mazanamazana, ndipo sizololedwa kusolola mapulagi ake pamene akupereka moto chifukwa chimoto cha DC, mtundu wa magetsi otuluka m'mapanelo, sichizima msanga.

M'minibasi tinagwirizana kuti pofika msonkhano wa mwezi wamawa membala aliyense akhale atagula loko wake ndi kachikwangwani ka dzina lake, kuti wophunzira asatumidwenso yekha kukatsegula bokosi la moto, ndiponso kuti tonse tizikana mofanana kumanga kapena kumasula waya wa moto. Nkhani ya zoyezera za nsonga ziwiri ndi magolovesi a labala sitinaimalize chifukwa mtengo wake ndi wokwera kwa ambirife, choncho msungichuma wathu watumidwa kuti akafufuze mitengo ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kuti tione ngati tingagule ziwiri kapena zitatu za gulu zobwerekana. Anzathu a ku Dedza alonjeza kudzatiyendera mvula isanayambe, ndipo apempha kuti tidzawaonetse zigayo za ku Bwanje ndi ku Kasinje kumene ambirife timagwira ntchito.