Manja a anthu okondana m'zithunzi zakale za ku Ulaya

Gawo la mwezi uno pa maphunziro anga a mbiri ya zojambula likukhudza chikondi ndi kufunsirana m'zithunzi zakale. Aphunzitsi athu ali ndi lamulo limene salola kuti tiliphwanye: yamba wayang'ana chithunzicho, lemba zonse zimene maso ako aona, ukatero ndiye uwerenge zimene akatswiri analemba. Pa zithunzi zachikondi lamuloli landithandiza kwambiri. Chikondi chilibe mtundu woti wojambula angausakanize ndi mafuta n'kuupaka pa thabwa. Chimene angajambule ndi nkhope, zovala, katundu wa m'nyumba, ndi pamene dzanja la munthu lagwira. Ndiye ine ndakhala ndikutsata manja.

Chithunzi choyamba n'cha Jan van Eyck, cha m'chaka cha 1434, chojambulidwa ku Bruges, m'dziko limene lero ndi Belgium. Chili pa thabwa lotalika masentimita 82, ndipo chimasungidwa ku National Gallery ku London kuyambira mu 1842. Mwamuna wovala chipewa chachikulu chakuda waima mbali ina, mkazi wovala diresi lobiriwira waima mbali inayo. Mwamunayo ndi wa banja la Arnolfini, amalonda ochokera ku Lucca ku Italy amene ankagulitsa nsalu zodula ku Bruges.

Nditachikulitsa pa kompyuta n'kuyamba kulemba zimene ndikuona, pepala linadzaza ndi katundu. Malalanje ali pazenera ndi pabokosi, ndipo kumpoto kumeneko malalanje ankachokera kutali, ankadya ndi anthu andalama okha. Kunja kwa zenera mtengo wa cherry wabala zipatso, kusonyeza kuti ndi nyengo yotentha, koma awiriwa avala zovala zosokerera ubweya wa nyama. Sanavalire kuzizira, avalira kuti anthu aone. Pali bedi la nsalu zofiira, kapeti pansi, choikapo makandulo chamkuwa cholendewera kudenga, nsapato zamatabwa zovula, ndi kagalu kaubweya kakuyang'ana ifeyo. Mkaziyo amaoneka ngati ndi woyembekezera, koma akatswiri ambiri amati wangonyamula nsalu ya diresi lake n'kuiunjika pamimba, monga ankachitira akazi olemera pofuna kuonetsa kuchuluka kwa nsalu.

Nanga manja? Dzanja lamanja la mkazi lagona chagada, lotambasuka, pamwamba pa dzanja lamanzere la mwamuna. Sanakolowekane zala, mwamunayo wangolilandira. Dzanja lake lamanja waliimika ngati munthu amene akulumbira kapena akulonjera alendo. Maso awo sanakumane. Kumbuyo kwawo kuli kalilole wozungulira, ndipo mukayang'anitsitsa mumaona anthu ena awiri ataima pakhomo. Pamwamba pa kaliloleyo wojambula analemba m'Chilatini kuti Jan van Eyck anali pano, 1434.

Mu 1934 katswiri wina, Erwin Panofsky, analemba kuti chithunzichi chikuonetsa malumbiro a ukwati, kuti wojambulayo anasaina ngati mboni, ndipo thabwalo linali ngati kalata ya ukwati. Kwa ife amene tinakula tikudziwa kuti banja silimangidwa popanda ankhoswe, maganizowa savuta kumva: awiri ali pakhomo aja akhoza kukhala ngati ankhoswe, oti mawa zikadzavuta adzanene zimene anaona. Koma makalata akale anadzasokoneza nkhaniyi. Kwa nthawi yaitali anthu ankati awa ndi Giovanni di Arrigo Arnolfini ndi Jeanne Cenami, kufikira zitadziwika kuti iwowa anakwatirana mu 1447, van Eyck atamwalira kale mu 1441. Maso anatembenukira kwa mbale wake, Giovanni di Nicolao Arnolfini. Iyeyu anakwatira Costanza Trenta mu 1426, ndipo pofika 1433 mkaziyo anali atamwalira.

Apa ndi pamene ndinasiya kulemba n'kubwereranso ku chithunzi. Mu 2003 katswiri wina, Margaret Koster, anati mwina ichi n'chithunzi chokumbukira malemu. Kandulo imodzi yokha ndi imene ikuyaka, ndipo ili kumbali ya mwamuna. Kumbali ya mkazi kwatsala kotsalira ka kandulo yotha. M'mphepete mwa kalilole muli tizithunzi 10 ta masautso a Yesu, ndipo tosonyeza Yesu ali moyo tili kumbali ya mwamuna, pamene tosonyeza imfa yake ndi zotsatira zake tili kumbali ya mkazi. Akatswiri ena amatsutsa, amati mkaziyo akhoza kukhala wachiwiri amene dzina lake silinalembedwe paliponse. Ine maganizo a Koster andigwira mtima. Ngati ali oona, ndiye kuti dzanja lotambasuka lija si la mkazi amene akuperekedwa, ndi la mkazi amene imfa ikumuchotsa m'manja mwa mwamuna wake, ndipo katundu yense uja ndi wa munthu amene ali ndi zonse koma nyumba yamukulira.

Pa Jean-Honoré Fragonard, wojambula wa ku France, sindikhalitsapo, ngakhale tinamuphunzira mokwanira. Cha m'ma 1771 anayamba kujambulira Madame du Barry, chibwenzi cha mfumu Louis XV ya ku France, zithunzi zikuluzikulu zinayi zosonyeza mmene chikondi chimayendera. M'chimodzi mnyamata wakwera makwerero n'kutulukira pakhoma la munda, mtsikana akucheukira kwina kuopa kuonedwa. M'china mtsikana akuwerenga kalata, mnyamata wamukumbatira m'chiuno, galu wagona pamapazi pawo. Maluwa ali mbwee, mitengo yatalika kuposa anthu. Du Barry anazibweza mu 1773 n'kuitanitsa za wojambula wina, Joseph-Marie Vien, ndipo lero za Fragonard zili ku Frick Collection ku New York. Luso lake sindilikana. Koma kufunsirana kwake ndi masewera a anthu osadera nkhawa za mawa, ndipo manja a anthu ake amalozera ndi kuvina kuposa kugwira. Ndikachotsa maso, sindikumbukira nkhope ya aliyense.

Chimene chanditengera nthawi yambiri n'cha Rembrandt, cha pakati pa 1665 ndi 1669, chimene chili ku Rijksmuseum ku Amsterdam. M'zaka za m'ma 1800 wosonkhanitsa zithunzi wina anaganiza kuti ndi bambo wachiyuda akuveka mwana wake mkanda pa tsiku la ukwati, ndipo dzina loti Mkwatibwi Wachiyuda linakanirira. Lero myuziyamuyo imati ndi Isake ndi Rebeka.

Nkhani yake ili pa Genesis 26. Kunagwa njala, Isake anakakhala ku Gerari, m'dziko la Afilisti. Poopa kuti amuna akumeneko angamuphe chifukwa cha kukongola kwa Rebeka, ananama kuti ndi mlongo wake. Patapita nthawi mfumu Abimeleki inasuzumira pazenera n'kuona Isake akusewera ndi Rebeka moti aliyense akanadziwa kuti awa ndi banja. Pali chojambula chapapepala cha Rembrandt cha nkhani yomweyi, ndipo mmenemo Abimeleki akuoneka akusuzumira chapamwamba. M'chithunzi chapenti mfumuyo mulibe. Zimenezi nditaziwerenga ndinamva tsemwe, chifukwa wosuzumira uja tsopano ndi ine, ndi aliyense woima patsogolo pa chithunzicho. Tikuona zimene anthu awiri anabisira mudzi wonse kuti apulumutse moyo.

Van Eyck anadzaza chipinda. Rembrandt anachotsa pafupifupi zonse. Kumbuyo kuli mdima wofiirira, mumangoona mwachimbuuzi ngati pali khoma ndi chomera. Kuwala konse kwagwera pa anthu awiri. Mwamuna wazungulizira dzanja lamanzere paphewa la mkazi, lamanja waliika pachifuwa pake, zala zotambasuka, osafinya. Mkaziyo wakweza dzanja lake n'kukhudza la mwamuna ndi nsonga za zala zokha. Sakulichotsa, sakulikokanso. Dzanja lake lina latsikira pamimba. Nawonso maso awo sanakumane, koma mosiyana ndi a Arnolfini: mwamuna waweramitsa mutu chakwa mkazi, mkazi akuyang'ana pansi chapatali ngati wina amene ali ndi zambiri mumtima. Si achinyamata ongoonana kumene. Nkhope ya mwamunayo ndi ya munthu amene waona mavuto, ndipo mmene wamugwirira mkaziyo muli kuteteza komanso mantha.

Penti yakenso ili ndi nkhani. Pa mkono wa malaya agolide a mwamuna, Rembrandt anaunjika penti yokhuthala, kwina n'kuipaka ndi mpeni, moti imatumphuka n'kugwira kuwala ngati chinthu choumba. Diresi lofiira la mkazi nalonso ndi lokakala chimodzimodzi. Koma pofika pa manja ndi pankhope, penti yasalala, yafatsa. Zovala zikuchita phokoso, manja ali chete, ndipo diso limathamangira pamene pali chete. Mu 1885 wojambula Vincent van Gogh atachiona, anauza mnzake amene anali naye kuti akanalolera kupereka zaka 10 za moyo wake kuti akhale patsogolo pake milungu iwiri akudya mkute wa buledi wouma basi. Ine ndachionera pa kompyuta pokha, koma ndikumvetsa chimene chinamukhazika pansi.

Nditawerenga za moyo wa Rembrandt, ndinaona chifukwa chake nkhani ya chikondi chobisika inali yoti akhoza kuimva. Mkazi wake Saskia anamwalira mu 1642, n'kusiya mwana wakhanda, Titus. Wilo ya Saskia inati Rembrandt akadzakwatiranso adzataya gawo la chuma chimene anasiyiridwa. Choncho Hendrickje Stoffels, amene anakhala naye zaka zambiri, sanamukwatire mwalamulo. Mu 1654 akulu a mpingo anaitana Hendrickje ali woyembekezera, anamudzudzula chifukwa chokhala ndi mwamuna popanda ukwati, n'kumuletsa kudya mgonero. Chaka chomwecho anabereka mwana wamkazi, Cornelia. Mu 1656 Rembrandt anagwa m'ngongole zoti sakanatha kubweza, ndipo nyumba ndi katundu zinagulitsidwa. Hendrickje anamwalira mu 1663. Pamene ankajambula Isake ndi Rebeka, anali ataika m'manda akazi awiri amene anawakonda.

Koma pali mkazi wachitatu, ndipo nkhani yake yandisowetsa mtendere. Geertje Dircx anali wamasiye amene analowa m'nyumbamo kudzalera Titus. Anakhala pa chibwenzi ndi Rembrandt, ndipo Rembrandt anamupatsa zokongoletsera za malemu Saskia, kuphatikizapo mphete. Hendrickje atabwera, Geertje anachoka, ndipo mu 1649 anakasuma kwa oweruza nkhani za maukwati ku Amsterdam kuti Rembrandt anamulonjeza ukwati. Oweruzawo sanamukakamize kukwatira, koma analamula kuti azimupatsa magilda (ndalama za kumeneko) 200 pachaka. Chaka chotsatira, mothandizana ndi mchimwene wake wa Geertje yemweyo, Rembrandt anachititsa kuti mayiyu atsekeredwe m'nyumba yolangiramo akazi ku Gouda. Anakhalamo zaka zisanu, anatuluka mu 1655 thanzi litafooka, ndipo sanakhalitse ndi moyo.

M'kalasi tinatsutsana pa zimenezi. Ena anati moyo wa wojambula ndi wake, ife tiziweruza chithunzi. Ine sindikutha kuzilekanitsa choncho. Chithunzicho ndimachikhulupirirabe, dzanja lija pachifuwa silinama. Koma munthu amene anadziwa kujambula kugwira kofatsa chotere ndi yemweyo amene anatsekeretsa mkazi amene anamulelera mwana, ndipo Geertje sanapeze womujambula ngati Rebeka. Nkhani yanga yomaliza gawoli ndailemba pa Isake ndi Rebeka, ndipo ndime ya Geertje Dircx ndaiika pakati penipeni pa nkhaniyo, ndi zaka zake zonse, 1649, 1650 ndi 1655.