Mutu wosamva Panado ndi singano ya pamsana

Sabata yatha tinalemba mayeso a matenda amene amapezerapo mwayi chitetezo cha m'thupi chikatsika, ndipo funso la malikisi ambiri linali la cryptococcosis, matenda amene amagwira ubongo makamaka mwa anthu amene ali ndi HIV. Ndinaliyankha bwino ndithu, popeza milingo ya mankhwala ndinali nditailoweza ngati katekisimu. Koma potuluka m'kalasi mtima wanga unali kwa amayi ena a ku Chadiza amene anandisowetsa chonena ku wodi mwezi wathawu. Ndi iwo andikhazika pansi kuti ndilembe izi.

Kachilombo koyambitsa matendawa si bakiteriya, si vairasi. Ndi ka m'banja la bowa ndi chuku, kooneka ngati yisiti, dzina lake Cryptococcus neoformans. Kamakhala m'dothi, m'mitengo yowola ndi m'zitosi zouma za mbalame, makamaka nkhunda. Ofufuza anakapezanso m'mphako za mitengo ya mopane, yomwe yadzaza kuchigwa cha Luangwa. Nditamva za nkhunda ndinakweza dzanja kufunsa ngati ndikauze amalume a ku Mchini kuti aphwasule khola lawo. Aphunzitsi anaseka. Anati ambiri a ife tinakapuma kalekale pamodzi ndi fumbi tili ana, thupi n'kukatsekera m'mapapo osatiuza n'komwe. Sikachoka kwa munthu kupita kwa mnzake. Kamangodikira kuti asilikali a m'thupi achepe, makamaka CD4, chomwe ndi chiwerengero cha asilikaliwo m'magazi, ikatsika kufika pansi pa 100. Apo m'pamene kamadzuka, kulowa m'magazi, ulendo wa ku ubongo.

Ku labu ndinakaona ndi maso anga. Amadontheza inki yakuda m'madzi a pamsana, n'kuika pa maikulosikopu. Kachilomboka kali ndi chikuto chonenepa chimene inki silowa, ndiye mumdima wa bii umaona timiyezi, kalikonse ndi mkombero wake woyera. N'kokongola, ndinene zoona, ngakhale ndinachita manyazi kuganiza choncho podziwa kuti mwini madziwo ali gone ku wodi.

Ife tinakula tikudziwa kuti matenda oumitsa khosi amagwetsa munthu tsiku limodzi. Awa ayi, amabwera monyang'ama. Mutu umayamba pang'onopang'ono, sabata imodzi, ziwiri, ndipo nthawi zambiri khosi silimauma n'komwe. Munthu amagula Panado pakantemba, kenako amati ndi malungo, amwa Coartem, mutu uli pomwepo. Pofika posanza, poona zinthu ziwiriziwiri, poyamba kubwebweta ndi kusazindikira abale ake, kunyumba nkhani imakhala itatembenuka kale, ena akuti wamulodza, ena akuti tipite naye kumapemphero. Pa dziko lonse, chiwerengero cha chaka cha 2020 chinaonetsa anthu a HIV pafupifupi 152,000 odwala matendawa mu ubongo, ndipo 112,000 anamwalira. Ndiye kuti pa anthu asanu alionse omwalira ndi matenda okhudzana ndi Edzi, pafupifupi mmodzi amapita ndi kachilombo kameneka. Chinanso chimene chinandidabwitsa n'chakuti odwala ambiri masiku ano ndi anthu amene ma ARV anayamba kale, koma anasiyira panjira kapena mankhwalawo analeka kugwira.

Chopweteka n'chakuti matendawa amatha kugwidwa asanafike kumutu. Pali kapepala koyezera kotchedwa CrAg, kofanana ndi kaja koyezera malungo, kamene kamayankha m'mphindi khumi zokha. Zizindikiro za kachilomboka zimaoneka m'magazi masabata angapo mutu usanayambe. Munthu amene CD4 yake ili pansi pa 200 amawerengedwa kuti HIV yafika patali, ndipo woteroyo ndi amene timamuganizira zomuyeza, makamaka ikakhala pansi pa 100. Akapezeka nako koma ubongo usanakhudzidwe, mapiritsi a fluconazole amatha kutseka njira.

Za mankhwala ndidutsa mwachangu, anzanga a m'kalasi muli nazo m'makope. Kafukufuku wa ACTA, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018 ndipo Zambia inali nawo limodzi ndi Malawi, Tanzania ndi Cameroon, anaonetsa kuti mankhwala akumwa a flucytosine ndi mnzake wofunika wa amphotericin B, mankhwala a m'dilipi, komanso kuti sabata imodzi ya dilipi ikwanira. Amphotericin yakaleyo ndi yankhanza. Imanjenjemeretsa, imawononga impso, imachepetsa magazi ndi potaziyamu. Kenako mu 2022 kafukufuku wa AMBITION, wochitikira ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, anaonetsa kuti dilipi imodzi yokha ya mtundu watsopano wotchedwa liposomal amphotericin B, mamiligalamu 10 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, pamodzi ndi flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14, imagwira mofanana ndi sabata imodzi ya dilipi yakale ija koma mosazunza thupi. Bungwe la WHO linavomereza njira imeneyi chaka chomwecho. Pambuyo pake wodwala amamwa fluconazole mamiligalamu 800 kwa masabata asanu ndi atatu, kenako 200 tsiku lililonse mpaka chitetezo chitabwerera. Ngakhale ndi mankhwala abwino chonchi, mu AMBITION munthu mmodzi mwa anayi anamwalirabe pasanathe masabata khumi.

Pali phunziro limodzi limene mutu wanga unalikana poyamba. Tinaphunzitsidwa kuti munthu akapezeka ndi HIV ayambe ma ARV msanga, ngakhale tsiku lomwelo. Pa matenda awa lamulo limatembenuka, umadikira masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Asilikali akadzuka mwadzidzidzi n'kupeza adani adzaza mu ubongo, nkhondo yake imatupitsa ubongo womwewo. Kafukufuku wa COAT ku Uganda ndi South Africa, wofalitsidwa mu 2014, anapeza kuti mwa oyamba ma ARV msanga anamwalira 45 pa 100 alionse, pamene mwa odikira anali 30. Tangoganizani kufotokozera m'bale wa wodwala zimenezi, iye atamva pa wailesi zaka zonsezi kuti kuchedwa n'koopsa.

Tsopano amayi a ku Chadiza aja. Ankadwazika mwana wawo wamwamuna, bambo wa ana awiri, amene anabwera atagwira mutu ndi manja onse, maso osafuna kuwala. CrAg inaonetsa kuti kachilombo kalipo. Adokotala anati pafunika kuchotsa madzi a pamsana, ndipo anandituma kuti ndikayambe kukamba ndi amayiwo popeza chinenero n'chathu. Ndisanamalize n'komwe anandidula.

"Mwanawe, za pamsana ayi. Mng'ono wanga anamuchotsa madzi Lachiwiri, Lachinayi tinali kumanda."

Ine ndinayamba kulakatula za m'buku, theka Chizungu theka Chinyanja. Amayiwo anangokonza chitenje chawo n'kuyang'ana kukhoma.

Usiku umenewo ndinawerenganso mutuwo, ndipo m'pamene ndinamvetsa chimene ndinali nditangoloweza. Ubongo ndi msana zimasambira m'madzi okwana pafupifupi mamililita 150, ndipo thupi limapanga ena okwana theka la lita tsiku lililonse, akale n'kumatuluka kulowa m'magazi. Tizilomboti ndi zikuto zawo timatseka potulukira. Madzi amangopangidwabe, chigaza sichitamuka, ndiye amapanikiza ubongo ndi mitsempha ya maso. Mutu woopsa uja, khungu, kugontha, ngakhale imfa ya masiku oyambirira, zambiri zimachokera pamenepa. Mphamvu ya madziwo ikafika masentimita 25 pa kachubu koyezera, amachotsako mamililita 20 mpaka 30, ndipo amabwereza tsiku ndi tsiku mpaka atatsika. Palibe piritsi lolowa m'malo mwa singanoyo. Dexamethasone, amene amathandiza pa matenda ena a mu ubongo, pano anapezeka kuti amawonjezera mavuto. Choncho singano ya pamsana pa matenda awa ndi mankhwala enieni, kuwonjezera pa kukhala choyezera.

Ndipo amayi aja sankanama. Mng'ono wawo anamwaliradi. Kungoti singanoyo nthawi zambiri imafika kwa munthu amene wachedwa kale, abale atakana masiku atatu, kenako n'kuvomera ataona kuti zathina. Akamwalira, chomaliza chimene onse anaona ndi singano. Mbiri imapita kumudzi, wotsatira amakananso mpaka mochedwa, mbiri ija n'kulimba. Mantha amenewa ali ndi maliro enieni kumbuyo kwake, ndipo ine ndinalakwa kuwayankha ngati ndi umbuli.

M'mawa mwake a sisita ena achikulire anakhala pa benchi pafupi ndi amayiwo. Sanayambe ndi singano. Anafunsa za mng'ono uja, anadwala masiku angati, anafika kuchipatala ali bwanji. Kenako anati, "Amayi, thobwa likawira m'chigubu chotseka mumatani?" Amayiwo anati umamasula chivindikiro pang'ono, apo ayi chigubu chiphulika. "Mutu wa mwana wanu ndi chigubu chimenecho. Tikufuna tichotseko masupuni awiri okha, ndipo dzuwa lisanalowe thupi likhala litapanga ena." Anawagwiritsa dzanja pamsana pawo pomwe, m'munsi cha m'chiuno, kuwaonetsa kuti singano imalowa pansi pa pamene mtsempha waukulu wa msana umathera.

Amayiwo sanavomere pomwepo. Anati nkhani yotere sangaidule okha, mwinimbumba ndi mlongo wawo. Ine m'kalasi ndinaphunzira kuti chilolezo chimachokera kwa wodwala kapena m'bale wapafupi, za amalume buku silinatchule. A sisita anangotulutsa foni yawo, n'kufotokozanso za chigubu kachiwiri kwa bambo amene anali kudimba ku Chadiza.

Masana anachotsa madziwo. Ine ndinagwira mawondo a wodwalayo atapinda ngati mwana m'mimba. Madzi anakwera m'kachubu mpaka kusefukira, oyera ngati a pampopi. Pofika madzulo bamboyo anatsegula maso bwinobwino n'kupempha phala.

Tsiku lachitatu mutu unabwereranso. Ndikulowa mu wodi m'mawa, amayi aja anandikodola ndisanaike n'komwe chikwama pansi.

"Mwanawe, kawauze adokotala abwere nayo singano ija. Chigubu chadzazanso."