Tsache lipume kaye mpaka Malichi

Ife okulira kumudzi tinaphunzitsidwa kuti pakhomo pa munthu wolongosoka pamakhala posesa. Dzuwa lisanatuluke tsache lili kale m'manja, zinyalala zikachuluka n'kuziwunjika, n'kuyatsa moto. Zifukwa zake zinalipo, njoka ndi zinkhanira sizifuna masewera. Koma kuno ku Leeds ukhondo womwewo umasowetsa pogona tinyama ta kuseri kwa nyumba nthawi yachisanu. Ndikulembera makamaka abale anga amene mwafika kumene ku Britain ndipo mwapeza nyumba yokhala ndi kabwalo kumbuyo. Masamba ogwawo musawatenthe kapena kuwataya onse. Akokereni pakona, muwasiye. Za njoka musade nkhawa, yaululu kuno ndi adder yokha, ndipo siikonda mabwalo a m'tauni.

Mwini mulu wa masambawo ndi kanungu. Kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi amagona tulo tofa nato, thupi litazizira, mtima ukugunda mwa apo ndi apo, moyo wake uli pa mafuta amene anasunga m'thupi kukadali kofunda. Chisa amachimanga ndi masamba ouma, choncho pabwalo posesedwa mbee alibe pofikira. Akanungu achepa kwambiri kuno, moti mu 2020 anaikidwa pa mndandanda wa nyama za ku Britain zimene zili pa chiopsezo chakutha. China chimene chikuwavuta ndi mipanda yathuyi. Kanungu amayenda kilomita imodzi kapena iwiri usiku umodzi posaka chakudya, ndiye bwalo limodzi silingamukwanire. A Hedgehog Street, gulu loteteza akanungu, amapempha anthu kuboola kabowo ka masentimita 13 m'litali ndi m'lifupi pansi pa mpanda. Ine ndinayamba ndakamba ndi eni nyumba komanso agogo oyandikana nane, ndipo onse anavomera mosavuta. Inunso musaboole mpanda wa eni musanapemphe.

Pa 5 Novembala anthu kuno amayatsa moto waukulu. Mulu wa nkhuni umene wakhala masiku pamalo amodzi, kanungu amauyesa nyumba. Usunthireni pena tsiku loyatsalo. Ngati mukufuna kumuikira chakudya asanagone, chakudya cha mphaka chanyama ndi kambale ka madzi n'zokwanira. Mkaka ayi, umamutsegula m'mimba. Mukamuona masana akudzandira kapena atagona poyera, ndiye kuti zinthu sizili bwino, funsani thandizo ku bungwe loteteza akanungu la British Hedgehog Preservation Society.

Mbalame sizigona tulo totere, zimalimbana nacho chisanu maso ali gwa. Anamzeze amathawa, amawoloka chipululu cha Sahara mpaka kukafika ku South Africa. Zotsala monga robin, blue tit ndi blackbird zimakumana ndi usiku wautali, chifukwa mu Disembala dzuwa kuno limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo mdima umapitirira maola 16. Kambalame kakang'ono kamatha mafuta ambiri a m'thupi usiku umodzi, kukacha kayenera kupeza chakudya msanga. Ine ndimapachika njere za mpendadzuwa ndi timipira tamafuta togula m'sitolo, pansi n'kuponya maapulo amene ayamba kufota, omwe blackbird amawakonda. Mayi anga nditawauza pafoni kuti ndimagulira mbalame chakudya anaseka mpaka kutsokomola, akuti mwana amene ankathamangitsa mpheta pa mphale lero wasanduka wophikira mbalame.

Pa mtedza ndiye ndimakhwimitsa. Aliyense amene analimapo mtedza ku Mchinji kapena ku Kasungu amadziwa chuku, chimene chimabweretsa poizoni wa aflatoxin. Poizoni yemweyo amapha mbalame. Mtedza wotsala m'kabati umene wayamba fungo, kapena wokazinga wothira mchere, musaupereke. Gulani wogulitsidwira mbalame, muuike m'chotengera cha waya kuti zizijompha pang'onopang'ono.

Koma ndinene mosabisa: kudyetsa mbalame m'chotengera chauve n'koipa kuposa kusazidyetsa. Matenda a trichomonosis, amene anayamba kusautsa mbalame za mtundu wa greenfinch cha m'ma 2005, amafala pamalo pomwe mbalame zambiri zimadyera ndi kumwera pamodzi. Ngati mashifiti akukuthinani moti simungathe kutsuka zotengerazo sabata iliyonse, lekani zogulazo. Ingosiyani masamba, maluwa ouma ndi njere zake, komanso zipatso za m'mitengo ya mpanda. Sizilira ndalama, ndipo pansi pa masambawo pamabisala nyongolotsi ndi tizilombo tomwe mbalame zimapalasa zokha.

Madzi anthu amawaiwala. Kukazizira kwambiri amaundana, mbalame n'kusowa pomwera ndi posamba. M'mawa thirani madzi ofunda kuti asungunuke, koma musathiremo mchere. Ngati muli ndi kadziwe, achule amagona pansi pake. Musaswe madzi oundanawo ndi nyundo, ikani poto wa madzi otentha pamwamba mpaka paboowoke.

Kumapeto kwa Januwale bungwe loteteza mbalame la RSPB limachititsa Big Garden Birdwatch, yomwe inayamba mu 1979. Mumakhala pawindo ola limodzi, n'kuwerenga mbalame zotera pabwalo panu, kenako n'kutumiza chiwerengerocho pa intaneti. Ana amasangalala nazo kwambiri. Januwale akubwerayu ndikufuna tidzachite monga gulu, ndiye amene muli ku Leeds ndi Bradford mundiuze Khirisimasi isanafike.