Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Khosi la chipolopolo

Paja ndinasiyira pamene ndinayamba kuphunzira lathe, makina opalira zitsulo, ku Biwi, kwa madala ena omwe anakhalitsa ku Joni. Mwezi wachitatu ndinaononga bush, kachitsulo kobooka kovekedwa pa shafiti ya chigayo. Ndinaipala mopitirira, moti poiveka inkangogwedera ngati dzino la mwana. Ine ndiye, "Abwana, ndi pang'ono chabe."

Sanandikalipire. Anatsegula kabati n'kutulutsa kabotolo ka mkuwa ka chipolopolo, kopanda wonga, kakuda m'khosi. Anandipatsa pamodzi ndi micrometer, kachipangizo koyezera kunenepa kwa tinthu ting'onoting'ono. "Yeza apa, mphwanga."

Kanali ka chipolopolo cha mtundu wotchedwa 6mm PPC. Ku Joni iwo ankathandiza mzungu wina wokonza mfuti za mpikisano wa benchrest, uja amakhazika mfuti pa tebulo lolemera n'kuombera kasanu pa mayadi 100 kapena 200, wopambana n'kukhala amene mabowo ake athithikana kwambiri. Anati chipolopolocho anachipanga Louis Palmisano ndi Ferris Pindell ku America m'ma 1970, pochisintha kuchokera ku chipolopolo china chotchedwa .220 Russian.

Pamene anandigwira mtima ndi pa chamber, kachipinda komwe chipolopolo chimagona kumbuyo kwa mpope wa mfuti. Za m'sitolo amaziboola motakasuka kuti chipolopolo cha fakitale iliyonse chilowe. Anthu a benchrest ayi. Amaitanitsa reamer yawoyawo, chitsulo choboolera chamber, khosi lake mainchi 0.262 m'mimba mwake. Mutu wa chipolopolo ndi 0.243, ndiye amasenda khosi la mkuwa mpaka mbali iliyonse itsale 0.0085. Anandiuza ndiwerengere pa chikatoni ndi choko: 0.260. Mpata wotsala, 0.002 basi, ngati tsitsi limodzi. Ukachuluka, chipolopolo chikhoza kugona mopendekera. Ukasowa, mkuwa sutha kufutukuka kuti mutu uchoke, ndipo mphamvu ya wonga imakwera moti munthu angavulale.

Mfuti yotere sindinaigwirepo, ndipo sindikuifuna. Mpaka lero ndimaona ngati ndi masewero a anthu okhuta. Koma masana amenewo ndinayeza kakhosi kaja mwina ka 20, chala chikunjenjemera, nambala ikusinthasintha chifukwa ndinkafinya kwambiri. Madala ankangoyang'ana, akudya chimanga chootcha.

Bush ija anandidula pa malipiro, osasiyako ngakhale tambala. Yachiwiri ndinaimaliza magetsi atangotsala pang'ono kuzima, mwini chigayo atakhala pakhomo kuyambira m'mawa. Za mkangano wa iwo ndi abwana ndidzakamba m'gawo 8.